A Ezara Mvula ndi Nyimbo Yothera Pakati

A Ezara Mvula tinawaika m'manda ku Zemba mwezi wathawu. Ambiri munkawadziwa ngati nkhalamba ya kagitala, yoimba nyimbo yosafika kumapeto. Ena munkaseka. Mvetserani tsono chimene munkasekacho.

Anabadwira ku Mozambique, ndipo anawolokera kuno ali mnyamata pothawa nkhondo, mng'ono wawo ali kumsana. Anakulira m'minda ya thonje, kenako anaphunzira kukonza njinga. Atalandira Yesu sanachewukenso. Ankasesa m'tchalitchi, ankakumba manda, ankanyamula odwala panjinga mpaka kukiliniki ya paboma. Njinga za alaliki ankakonza ulere. Munthu akachulutsa kuthokoza ankati, "Basi, kwerani muzipita, dzuwa likutentha."

Koma anali ndi mtima wapachala, ndipo eni ake ankadziwa.

Mwana wawo Joanna, ali pasukulu, anapatsidwa ndi aphunzitsi ake kagitala ka zingwe zinayi kotchedwa ukulele. Mtsikanayo anali ndi khutu lakuthwa, moti anayamba kupeka nyimbo yakeyake yotamanda Mulungu. Tsiku lina atate ake anamusiya kuti alonde mtedza woyanika pabwalo. A Ezara pochokera kumunda anaimva nyimboyo, ndipo anaima kuseri kwa nkhokwe kumvetsera, poti inali yokoma. Atatulukira anapeza mbuzi zili pikitipikiti pamtedza, Joanna maso ali tsinzini. Anamulanda kagitalako nyimbo ili pakati, n'kukamenyetsa pamwala.

"Mwana wa Mkhristu ndi zoimbira za kumowa!" anatero.

Joanna sanalire. Anathamangitsa mbuzi n'kutola mtedza. Kuyambira tsiku limenelo sanakhudzenso choimbira chilichonse. Anamaliza sukulu, anakhala namwino ku Chipata. Ankabwera kudzaona makolo, kugwada, kupereka shuga ndi sopo, koma za nyimbo ayi.

Mpingo utagula kiyibodi, abusa anafunsa ngati alipo wodziwa kuiliza, ndipo kwa nthawi yaitali sanapezeke. A Ezara anakhala chiweramire. Kunyumba anauza akazi awo, a Esther, kuti, "Mulungu anaika mphatso m'nyumba mwanga, ine n'kuiphwanya chifukwa cha mbuzi."

"Nanga mukuuza ine?" anayankha a Esther. "Kauzeni mwini wake."

Kwa Mulungu a Ezara ankapepesa tsiku ndi tsiku, koma kwa mwana ankalephera. M'malo mwake anatsitsa zidutswa za kagitala zimene a Esther anasunga kudenga. Anamata ndi guluu, anamanga ndi mphira wa chubu, zingwe anaika za waya wa mabuleki. Imvi zili mbuu, zala zitauma ndi sipanala, anayamba kuphunzira. Mapemphero akatha ankatsalira pakiyibodi, kufufuza nyimbo ya Joanna ndi chala chimodzi. Akaipeza ankapita kukaisaka pazingwe, pansi pa mtengo wa mango pamene ankakonzera njinga. Zinatenga zaka. Koma ankafika pamene anaidulira paja, n'kuima.

"A Mvula, tcheni chaduka kodi? Malizani!" ankatero odzakonzetsa njinga.

"Kutsogoloku si kwanga," ankayankha.

A kwaya anawauza kuti angopeka mathero awo. Anakana. Anati wothyola mwendo wa mnzake sayenda m'malo mwake. Joanna akamabwera, kagitalako ankakabisa m'thumba la thonje.

Chaka chino a Ezara atagona ndi matenda a chifuwa, Joanna anabwera kudzawadwazika. M'mawa wina a Ezara anauza a Esther kuti atulutse kagitala kaja. Atakalandira anaimba mpaka pamalo paja, n'kuima. Joanna anali chiimire pakhomo, beseni lili m'manja.

"Mwana wanga, ndinakulakwira," anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna kumva kumene nyimboyi inkapita."

Joanna anatula beseni. "Atate, inalibe mathero. Ndinali ndisanapeke."

A Ezara anamupatsira kagitalako. "Ndiye peka tsopano. Ine sindikudulanso."

Anakalandira, n'kukatembenuza uku ndi uku. "Waya wa mabuleki, atate? Mukufuna ndidule zala?"

"Waya ameneyu anagwira njinga za alaliki, alephere nyimbo?" anayankha a Ezara.

Anaseka onse, misozi ili mbwembwembwe. Masiku otsatira Joanna ankakhala pambali pa mphasa, kuyesa, kulakwitsa, kuyambiranso. Atate ake ankangomvetsera. Tsiku limene anaimaliza anamuuza kuti abwereze kuyambira pachiyambi. Anabwereza, ndipo pofika kumapeto a Ezara anali atapuma, nkhope ili phee.

Pamaliro Joanna anaiimba yonse, ndipo mpingo unaimva koyamba mpaka kothera.

Anali munthu wa Mulungu, wolakwa ngati tonsefe, koma sanalole kulakwa kwake kugona tulo. Amene muli ndi mwana woti mumupepese, musadikire imvi. Ndipo mbuzi muzimanga.