Mchere wobisala m'kapaketi

Mwana wanga woyamba, wamkazi, atachira malungo anasiya kudya. Anali ndi chaka ndi miyezi inayi. Phala ankalilavula, nyemba ankatembenuza nkhope, bere lokha ndiye ankalikakamira, ndipo ine ndinkangoona timikono tikuchepa. Nthawi imeneyo ndinali kuchitengwa, kumudzi kwa amuna anga kufupi ndi Nsaru, kutali ndi mayi anga, moti chilichonse chochitika pa mwanayo maso onse ankabwera kwa ine.

Mlamu wanga, mchemwali wa amuna anga amene ankagwira ntchito m'nyumba ya anthu ku Lilongwe, ndi amene anabweretsa timapaketi tokometsera ndiwo, taufa wachikasu tija. Anati ana a abwana ake sadya popanda timeneti. Ndinawaza pang'ono pa mbatatesi yophwanya, mwana n'kudya. Anadya mpaka kunyambita supuni. Kuyambira pamenepo kapaketi sikankasowa m'nyumba, ndinkakagula pa okala ya pamsewu.

Kwathu kuno mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Amati ukathira umadula anthu a m'nyumba, ndipo mwana wamng'ono amatupa mapazi ndi masaya, ndiye tsempho limenelo. Ine mwambowu ndinkausunga kwambiri. Masiku anga akafika ndinkaphika, kenako n'kuitana apongozi kuti adzathire mchere, iwo n'kubwera osafunsa kanthu. Koma kapaketi ndinkawaza ndekha. M'mutu mwanga kanali kokometsera basi, ngati tomato.

Tsiku lina masana ufa uja unanditayikira pa chala, ndiye ndinanyambita. Mchere. Mchere weniweni, woluma lilime. Ndinaima pomwepo ndi chala m'kamwa, kuwerenga miyezi, itatu, miyezi itatu ndikuthira mchere ndi dzanja langali m'chakudya cha mwana pa masiku oletsedwa, ndipo tsiku limenelonso ndinali m'masiku omwewo. Ndinathamangira pamphasa pamene anagona, kum'gwira mapazi, kudina ndi chala kuti ndione ngati pakhale dzenje, kum'yang'ana masaya, kum'tembenuza mpaka anadzuka ndi kulira. Phazi lakumanja linkaoneka lalikulu. Ndikayang'ananso, lakumanzere ndiye lalikulu.

Sindinauze munthu. Apongozi ndikanayamba bwanji? Amuna anga akanati chiyani? Kapaketi ndinakaponya m'chimbudzi. Ndiye mwana anasiyanso kudya, masiku anayi akungoyamwa, apongozi n'kumafunsa kuti kodi zokometsera zija zatha, ine n'kumati pa okala zasowa.

Tsiku lachisanu ndinabereka mwana n'kupita kwa akazi a aphunzitsi, amene ankakhala m'nyumba za pasukulu. Anali mayi aakulu, a kumpingo kwathu, ndipo nthawi ina pamjigo anandithandiza kusenza ndowa n'kundifunsa za mwana ngati wawo. Ndinawapeza akusenda mtedza. Ndinafotokoza zonse mothamanga, mawu akupunthana, misozi ili mbwee. Sanaseke, sanandikalipirenso. Anam'tenga mwana, kum'vula timasokosi, kudina mapazi onse awiri pang'onopang'ono ine ndikuona.

"Mwana wanga, phazi ili ndi la munthu wanjala, si lotupa. Likadzatupa mudzabwere tidzapite kuchipatala limodzi, tsiku lomwelo."

Ndinafunsa ngati ndam'sempha mwana. Anayankha kuti iwo za mchere anazisiya kalekale, koma sangandiuze kuti ndizisiye pamene ndikudyera nyumba imodzi ndi apongozi ozisunga, komanso mtima wanga ukuziopa. Anati chofunika n'chakuti mwana adye, ine ndisanjenjemere pophika. Kenako anafunsa kuti m'kapaketimo munkanunkhira chiyani. Ndinaganiza, n'kunena kuti anyezi, ndi kena kake ngati adyo.

"Eti? Ndiye anyezi ndi adyo mpaka zichokere ku tauni? Kudimba kwa apongozi anu kuli chiyani, miyala?"

Ndinaseka, koyamba sabata imeneyo.

Tinadula anyezi wopyapyala kwambiri, pamodzi ndi masamba ake obiriwira, adyo mitu iwiri, tomato wakupsa titam'chotsa njere. Anati ndiyanike pa lichero padenga, ndiziphimba ndi kansalu kopyapyala chifukwa cha ntchentche, dzuwa likapendeka ndizilowetsa. Ulendo woyamba ndinalakwitsa. Ndinafulumira, tomato asanaume bwino ndinatsekera zonse m'botolo, patapita masiku awiri zinachita chuku. Ndinabwerera kwa iwo ndi botololo manyazi ali tho, iwo anangoti mantha amaphikitsa zosapsa, n'kundipatsa anyezi wina wa m'nyumba mwawo. Masiku amenewo mwana ndinkam'nyengerera ndi nthochi yophwanya, timasupuni tiwiri, titatu, kwinako kulavula.

Kachiwiri ndinadikira mpaka tomato ankathyoka ngati tsamba louma la fodya. Tinakazinga mtedza pang'ono, ndi usipa wouma titauchotsa mitu. Pa usipapo ndinaima, n'kufunsa ngati ulibe mchere. Anatenga kamodzi, kunyema, kundipatsa kuti ndilawe ndekha, n'kunena kuti kuyambira lero chilichonse cholowa m'botolo limeneli chiziyamba chadutsa pa lilime langa. Unalibe. Tinasinja zonse mu mtondo, kusefa, kusinjanso zotsalira. Ufa wake unatuluka wofiirira, wosaoneka bwino ngati wa m'sitolo, koma fungo lake linafika mpaka kukhonde, moti aphunzitsi pobwera kudzadya anafunsa ngati kwabwera alendo.

Kunyumba ndinaphika mbatatesi, kuphwanya, kuwaza ufa wanga. Masiku anga anali atatha, mchere ndinathira ndekha, pang'ono, pambali, ndikuuona ndi maso. Supuni yoyamba mwana anaigwira m'kamwa nthawi yaitali, nkhope atakwinya, ine mpweya nditaugwira. Anameza. Yachiwiri anakana. Ndinayika mbale pansi, n'kuyang'ana kumbali kuti asaone nkhope yanga. Pobweza maso ndinapeza wapisa dzanja lonse m'mbale, akudzipaka pakamwa ndi pamphuno, akudya yekha.

Sanadye zonse tsiku limenelo. Koma mawa lake anadya, mkuja anadyanso, ndipo ufa womwewo ndinayamba kuthira m'nyemba, m'maungu, ngakhale m'phala la mgaiwa. Apongozi atalawa anati ndiwo zayamba kukoma, n'kufunsa kuti zimenezi ndaphunzira kuti. Ndinati kwa akazi a aphunzitsi. Anagwedeza mutu, n'kunena kuti mwezi wa mawa ndidule anyezi wambiri, wa kudimba akungowola.

Akazi a aphunzitsi aja anasamuka patapita zaka ziwiri, amuna awo atawatumiza kusukulu ina cha ku Kabudula. Zimene ndinawauza tsiku lija sanauze munthu aliyense, ngakhale kumpingo kumene nkhani sizigona. Ndinawaperekeza mpaka pamsewu, mwana akuyenda yekha patsogolo pathu, akuthamangitsa nkhuku za eni ake, ndipo ine mawu oyamikira amene ndinakonza m'njira monse anandithawa. Ndinangowagwira dzanja ndi manja awiri mpaka galimoto ya katundu inaliza hutala.