Dzina Limene Silinali Pamndandanda

Ndinataya mkazi. Ndinataya chipinda chathu cha lendi ku Namwera, wailesi, ndi mbale zinayi za paukwati. Ndinatayanso mwayi womuika m'manda.

Kuchoka ndinasankha ndekha. Ndinali nditamaliza koleji ya uphunzitsi, ndikuphunzitsa kufupi ndi malire. Zaka zimenezo anthu othawa nkhondo ku Mozambique ankalowa tsiku ndi tsiku, mitolo pamutu, ndipo kalasi yanga inadzaza mpaka ana ena ankakhala pawindo. Malipiro ankatha mwezi usanafike pakati. Mnzanga wa ku koleji atandilembera kuti kampani ina ya malole ku Harare ikufuna kalaliki, sindinachedwe kuvomera. Mkazi wanga ankagwira ntchito ya zaumoyo kumsasa wa othawa kwawo, ndipo anakana kuisiya. Tinapangana kuti ndikakhala zaka ziwiri basi.

Ku Harare ndinkagona m'chipinda chimodzi ndi amuna atatu. Lamulungu iwo ankapita ku mpira, ine ndinkachapa malaya oyera kale. Makalata ndi kandalama ndinkapatsira madalaivala odutsa njira ya ku Tete, kumene malole ankayenda pamzere, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo. Nthawi zina kalata inkafika, nthawi zina ayi.

Ya apongozi anga inatenga milungu isanu ndi iwiri kuti indipeze. Inati kolera inalowa mumsasa ndi mvula, mkazi wanga anadwala masiku awiri, ndipo azaumoyo anamuika tsiku lomwelo, atamukulunga m'pulasitiki. Panalibe kusambitsa, panalibe kugona pamaliro. Ndinaiwerengera mu ofesi, n'kuipinda, n'kumaliza ntchito ya tsikulo. Ndinatumiza ndalama. Ine sindinapite. Ndinakhala miyezi ina isanu ndi iwiri, ndipo dzina lake sindinalitchulepo kwa munthu aliyense.

Ndinabwera mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, ndili ndi tchuthi cha masiku khumi ndi tikiti yobwererera m'thumba. Ndinkafuna chinthu chimodzi: kuti abale ake andisudzule monga mwa mwambo, ndimasuke, ndisadzabwerenso.

Bambo ake, a Mpota, ndinawapeza ku Nkope akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Ali mnyamata anamenya nawo nkhondo ya azungu ku Burma, ndipo mwendo umodzi unkawavuta kuyambira pamenepo.

"Mwafika, aphunzitsi."

"Ndafika, bambo."

"Mwanenepa. Ku Halale kuli nyama."

Ndinalakwitsa. Nkhani yoyenera ankhoswe ndinainena ndekha, madzi akumwa ndisanamalize n'komwe. Iwo anapitiriza kusoka.

"Lamulungu kuli mwambo wokumbukira asilikali ku boma," anatero. "Amene ankandiperekeza kulibe. Mundiperekeze inu. Zinazo tikamba pobwera."

Masiku atatu amenewo ndinasowa pokhala. Ndinkapita kudoko, n'kubwerako, n'kupitanso. Apongozi aakazi ankanditumizira chakudya, koma nkhope yawo sindinaione.

Lamulungu tinakwera matola mpaka ku Mangochi. Pafupi ndi chipilala cha wotchi anamanga chingwe kuzungulira mipando. Asilikali akale analipo ochepa, majekete atawakulira, maluwa ofiira a pepala pachifuwa. Pomangirira mamendulo a apongozi ndinasokoneza dongosolo, ndipo mnzawo wina, Che Bwanali, anaona.

"Mpota, wapeza wokunyamulira mfuti watsopano?"

"Uyu ndi kalaliki wa ku Halale. Mfuti angaigwirire kotulukira chipolopolo."

"Mwana wako uja ankadziwa mendulo yoyamba ndi iti," anatero Che Bwanali, akuwasanja bwino.

Kunabwera akuluakulu a boma, abusa ndi shehe. Kunja kwa chingwe kunaima amayi angapo othawa kwawo, amene anatsika ku Namwera kudzaona odwala awo kuchipatala. Lipenga linalira, tonse tinaima chete mphindi ziwiri. Ine ndinkayang'ana wotchi yanga, ndikuwerengera masiku otsala kuti ndikafike kuntchito.

Kalaliki wa boma atatha kuwerenga mayina a papepala, panatsala kamwambo ka madalawo okha. Aliyense ankaimirira n'kutchula mnzake mmodzi amene anamusiya kunja, ndipo enawo ankayankha pamodzi kuti, "Agone." Chaka chilichonse a Mpota ankatchula kopolo wina wa ku Malindi. Nthawi yawo itakwana, anadzuka atagwira mkono wanga.

"Chaka chino kopolo andikhululukira. Nditchula mwana wanga wamkazi."

Kalaliki uja anayandikira, akulankhula motsitsa. "Madala, pepani, pano ndi pa asilikali."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Mfuti sanagwirepo. Koma nkhondo itabwera kuno ndi miyendo yake, yodwala, yanjala, anakailandira ndani? Inu?"

Kalaliki anayang'ana kwa akuluakulu. Palibe anamuthandiza. A Mpota anatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke. Anayesanso. Zala zawo zinandikanikiza mpaka kuwawa.

"Tchulani inu, aphunzitsi. Ine mpweya wandithera."

Ndinaganiza zokana. Ndinaona njira yotulukira pakati pa mipando, ndipo miyendo yanga inkaifuna. Koma ndikanachoka, iwo akanagwa.

"Edina Mpota," ndinatero. Ngakhale ine sindinadzimve.

"Kwezani, achimwene!" anafuula Che Bwanali. "Enafe makutu tinawasiya ku Burma."

"Edina Mpota!"

"Agone," anayankha madalawo.

Ndisanakhale pansi, mawu a mayi wina anachokera kunja kwa chingwe. "A nesi athu aja?"

Mwambo utatha anabwera, wamfupi, Chichewa chake chosakaniza ndi Chiyao. Anagwada kwa a Mpota, kenako anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Amuna awo ndinu? Ankati muli kutali." Sanandidzudzule, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa. "Azaumoyo sanaike chizindikiro, anthu ankafa ambiri. Ife tinadzalapo nkhadze kuti pasasowe. Timalambulapo. Ana anga awiri ali moyo chifukwa cha iwo. Mukabwera mudzafunse Abiti Saidi, ndidzakusonyezani."

Ine mwamuna wake, wa sukulu yanga yonseyo, sindinkadziwa pamene anagona. Ngakhale kufunsa sindinafunse. Anthu amene anasiya manda a makolo awo kutsidya kwa malire ndiwo ankasamala a mkazi wanga.

Pobwerera, m'matola muli nsomba ndi fumbi, a Mpota anavula mamendulo n'kuwakulunga m'kansalu.

"Zosudzula n'zosavuta, aphunzitsi. Itanani ankhoswe anu, tikhoza kumaliza ngakhale mawa. Sitikukumangani."

"Mawa ndikupita ku Namwera, bambo."

"Nanga ku Halale?"

"Sindikudziwa."

"Nanga zosudzulazo?"

"Zidikire."

Anagwedeza mutu, n'kuyang'ana kunja.

M'mawa mwake ndinali pa depoti ya Mangochi, ndikudikira basi yokwera phiri. Ndi pomwepo pamene Edina anandiperekeza tsiku limene ndinkachoka. Tsikulo ndinali ndi mawu amene ndinawakonza njira yonse kuchokera ku Namwera, oti akangonena kuti ndisapite, nditsitsa katundu. Ndinaima pakhomo la basi, ndikuzengereza, kondakitala akumenya chitseko. Edina anandikonza kolala ya malaya, n'kundikankha pang'ono pamsana.

"Kwerani, ikusiyani. Zimene mukufuna kunenazo mudzandiuza mukabwera."