Chilengezo cha Maliro a Malume pa Tsamba Lililonse

Ndine ndinayambitsa zonsezi, ndipo sindikupepesa. Ndinadzuka kusanache, amayi a kwaya atasasa mawu ndi nyimbo za usiku wonse, ndinanyamula komputadora ya malume n'kukabisala nayo kuseri kwa bafa.

Malume ankasamalira wiki yathu, masamba a pa intaneti omwe anthu a ku Angónia ndi Tsangano timalembapo m'Chinyanja za midzi, mbewu ndi misewu. Iwo sankalemba nkhani ayi. Ankakonza chowonjezera chimene chimayendetsa timapulogalamu totchedwa modulu, tomwe timajambula mabokosi pa masambawo. Atiya, akazi awo, ankangoona munthu wawerama ndi magetsi akutha. Dzulo lake ndinawamva akuuza amayi anga kuti anthu akhala ochepa poti malemu analibe anzawo, ndiponso kuti makinawo apita kumsika maliro akangotha.

Pali modulu imodzi imene tsamba lililonse limadalira. Lamulo la malume linali loti uyambe wayesa pa tsamba loyeserera, wina aone, ndiye uike. Ine ndinalumpha zonsezo. Ndinalemba chilengezo m'moduluyo, dzina lawo, bairro la Samora Machel, dera lathu, ndi ola loika maliro, n'kusunga. Kenako ndinapita kukawaza nkhuni ngati mwana wabwino.

Moto unayatsidwa pansi pa mtengo wa mango. Pofika mmawa ndithu kutentha kunali kutafika kale pakhosi, amuna akusuntha mipando kutsata mthunzi. Oyamba kubwera anali achibale ndi a tchalitchi. Kenaka panaima kamiyau yonyamula katundu ya ku Malawi, dalaivala anatsika chipewa chili m'manja. Anabwera amayi ogulitsa mbatata ndi kabichi, mphunzitsi wa ku sukulu ya Francisco Manyanga ndi ana ake a sukulu, anyamata a mota, njinga zamoto zija. Nyemba zinathiridwa madzi, n'kuthiridwanso. Wa sitolo wina ataona zimenezo anachoka mwakachetechete, anabwerako ndi thumba la mpunga. Ine ndinkagawa madzi akumwa, mtima ukuvina.

Chakumasana panafika mayi wamfupi wa magalasi, amene ankaona ntchito ya malume isanaikidwe pa wiki. Anapepesa atiya kaye, ndiye anayamba kuyang'ana achinyamata mmodzimmodzi. Anaima pa ine.

"Iwe mwana wa mlongo wake, wagwira modulu ndani?"

"Mwina malemu, Dona."

Sanaseke. Anandionetsa telefoni. Chilengezo changa ndinachiika mkati mwa mzere wobwereza, ndiye chinangodzaza tsamba kuyambira pamwamba mpaka pansi. Za misewu kulibe, za mbewu kulibe, paliponse malume okhaokha. Kunena zoona chinakongola.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Bokosi linali patsogolo, ife pambuyo m'fumbi, ndipo mzere unatalika moti a kumapeto ankaimba nyimbo ina, a kutsogolo ina. Anthu a m'madimba a ku Nhartanda anaimika makasu. Kumanda dalaivala uja anapempha kulankhula. Anati nkhope ya malemu sanaionepo, koma asananyamuke ulendo ankayamba waona bokosi la misewu pa wiki, ndipo silinamunamizepo. Mphunzitsi anati ana ake anawerenga za mudzi wa agogo awo m'chilankhulo cha kwawo. Atiya anamvetsera atagwira dzanja la amayi. Ndinawamva akufunsa chapansipansi ngati onsewa anabweradi chifukwa cha makina aja.

Madzulo anthu atabalalika, mlandu wanga unakambidwa pakhonde. Mayi wa magalasi anati ndichotse chilengezocho ndi manja anga, kenako tchuthi chonse ndimalize zimene malume anasiya theka, mzere uliwonse uzidutsa m'maso mwake. Ndinafunsa kuti ndigwiritsa chiyani, poti makina akupita kumsika.

"Sakupita kulikonse," anatero atiya. "Koma mapoto onsewo ndi ako. Anthuwa unaitana ndiwe."

Nyumba inakhala chete. Mipando inali itabwezedwa kutchalitchi, phulusa likuzizira pansi pa mango. Atiya anakhala pakhomo komputadora ili pamiyendo, osaitsegula, akungoipukuta fumbi ndi nsonga ya nsalu yawo ya kapulana. Mapoto analidi ambiri, ena opserera mpaka m'makutu. Ndinawakwecha ndi mchenga ndikuimba mluzu, mpaka amayi anandigenda ndi patapata. Anandiphonya.