Mbozi za M'munda wa ku Nkhorongo

Amuna anga atamwalira, munda wa ku Nkhorongo unatsala m'manja mwanga. Iwo anali dalaivala wa lole, koma mtima wawo unali kumunda. Ine ndinkangowatsatira pobzala ndi pokolola. Zoyendera mbewu, kuona ngati masamba akudwala, ankachita okha Loweruka m'mawa. Ana athu anali atakula kale, wamkazi ali pabanja ku Blantyre, wamwamuna ku Joni. Abale a ku Dedza anati ndibwerere kumudzi, ine ndinakana. Ndinangoona kuti ndikachoka, munda uja umera tchire.

Ndinkachoka ku Chibavi pa kabaza mpaka pomwe nyumba zimathera, kenako wapansi. Mvula ya ku Mzuzu si ya kwathu. Kwathu imagwa n'kukata, dzuwa n'kuwala. Kuno imatha kuwaza tsiku lonse, nkhungu ili tolo, udzu n'kumangokondwa. Ndinkati ndikapalira n'kufika kumapeto kwa munda, komwe ndinayambira chisoso chatulukanso. Udzu wozula sunkauma, unkagwiranso pompo. Ndinayamba kuutola m'manja n'kukauunjika m'malire.

Chimanga chitafika m'mawondo, ndinaona masamba ali ndi timabowo tondondozana. Pamtima pa phesi panali zinyenyeswa zonga utuchi wonyowa. Nditafunyulula, ndinapeza mbozi yonenepa itadzipinda. Phesi lina, chimodzimodzi. Linanso, ziwiri. Ndinatembenuka kuti ndiitane abambo a ana anga adzaone. Kumbuyo kwanga kunali khasu lokha. Ndinakhala pansi pamzere, chitenje n'kunyowa, osasamala.

"Mwatandala uli, mama?"

Anali mayi wa munda woyandikana ndi wathu, wachikulire ndithu, wa ku Nkhata Bay. Ankalima chinangwa ndi chimanga pang'ono. Tinkangopatsana moni chapatali, tinali tisanachezepo.

"Mbozi, amayi," ndinatero. "Zandithera chimanga."

"Nanenso zandipeza. Ntchemberezandonda izi, zasuzga chomene. Dzukani, pansipo mudwala."

Anandiuza kuti iwo amathira mchenga wosakaniza ndi phulusa pamtima pa phesi. "Zina zimafa, zina ayi," anatero. "Koma kusiyana n'kungoyang'ana."

Ine ndinafuna zachangu. Ndinagula mankhwala mutauni, n'kubwereka chopopera kwa munthu wina wa kutchalitchi. Chinali cholemera, malamba ake anandisupula mapewa. Nditangomaliza kupopera, mvula inabwera n'kutsuka zonse. Ndinaima pansi pa mtengo wa mapeyala n'kumaiyang'ana. Ndinapoperanso tsiku lina kutacha bwino, zinachepako, koma zikuluzikulu zinali zitabisala mkati.

Basi ndinayamba za phulusa zija, ndi kutola ndi manja. Phulusa la pambaula yanga silinkakwana, ndinkapempha kwa anzanga a pamdadada. M'mamawa ndinkayenda mzere ndi mzere, kufunyulula, kutola, kuponya m'chitini. Mayi aja ankachita zomwezo kwawo. Sitinkalankhula zambiri. Ndinkangomva akung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi m'Chitonga, kapena kutsokomola, n'kudziwa kuti kuli munthu. Dzuwa likakwera tinkakhala m'malire, iwo n'kundigawira chinangwa chophika, ine mbatata.

Tsiku lina anandifunsa kuti, "Kunyumba muli ndi ndani?"

"Ndekha."

"Ine ndili ndi mwana ndi mpongozi ku Mzilawaingwe, koma onse n'ngapantchito. Ndikakhala pakhomo ndimayankhula ndi nkhuku." Tinaseka mpaka misozi.

Chimanga chinapulumuka, ngakhale china chinapinimbira. Chitayamba ngaiyaye, mayi aja anasiya kubwera. Ndinkayang'ana kanjira kawo, osaona munthu. Nyumba yawo sindinkaidziwa, foni sitinapatsane. Tinkaona ngati munda ndi wokwanira. Udzu unalowa m'chinangwa chawo. Ndinawapalirira mizere ya m'malire, kenako mphamvu zinandithera.

Patapita masabata, ndinapeza amuna atatu akukhoma zikhomo m'munda mwawo. Mmodzi anali mwana wawo, nkhope yake inali ya mayi ake ndithu. Ndinamufunsa za mayi akewo.

"Anagwa, mama. Mbali imodzi sikugwira. Tawapititsa kwathu kuti alongo anga aziwasamala. Malo ano tagulitsa, akufuna kumangapo."

"Mukawapatse moni. Mukati mayi wa mbozi uja."

"Yewo, mama, ndikanena."

Sindikudziwa ngati anakanena.

Chaka chimenecho mvula inakana kusiya. Chimanga chinakhwima koma osauma, madzi akulowa kunsonga, china n'kuyamba kuola chili chiimire. Ndinapinda mapesi kuti zisononkho ziyang'ane pansi, monga ndinkawaonera abambo akuchitira. Ndinkagwira ntchito imeneyi uku matipa akutsitsa njerwa pomwe panali chinangwa. Amisiri ankayatsa wailesi, akuseka zawo. Palibe anandiyankhulapo kupitirira moni.

Mwana wanga wa ku Joni anaimba foni. "Amayi, musiye zolimazi. Ufa tizikugulirani."

"Ndamva," ndinatero. Ndinafuna kumuuza za mbozi, za phulusa, za mayi aja, koma anali pantchito, mawu akuduka. Anati aimbanso.

Ndinakolola ndekha, wa njinga yamoto yokhala ndi ngolo n'kunditutira. Kunyumba ndinasankha choola n'kuchitaya, chifukwa chankhungu n'choopsa ngakhale kwa nkhuku. Chabwino chinali chochepa poyerekeza ndi zaka za abambo, koma chokwana munthu mmodzi n'kutsalako chotumiza ku Blantyre. Ndinachiyanika pamphasa pakhonde. Mtambo ukadetsa kumwamba ndinkathamanga kulowetsa, dzuwa likatuluka n'kutulutsanso, tsiku lonse choncho mpaka mwezi wa Juni. Chitauma, ndinaluma njere imodzi, inati khwa. Ndinasoka matumba n'kuwasanja pa matabwa m'chipinda chomwe kale munkagona ana.