Nguluwe ya amalume ikufuna chitengwa

Lachiwiri lapitali ndinapalasa njinga mpaka ku Malomo kukaona amalume anga, a Mbewe. Ndinawapeza atatsamira khola, maso ali kuphiri la Ntchisi, kumene nkhungu inkatsetsereka pang'onopang'ono pamwamba pa mitengo.

M'kholamo muli nguluwe yaikazi. Anaitola ili kamwana, agalu atapha make, nkuilera ndi phala la gaga.

"Yasiya kudya, mphwanga," anatero. "Nthawi yake yakwana. Ndaibweretsera nkhumba zamphongo za m'mudzi muno, zonenepa bwino, koma zonse yazipirikitsa ndi mano."

Kenaka anandilozera pansi. Kuzungulira khola lonse panali mapazi a nguluwe ina yaikulu. Imatsika kunkhalango, kununkhiza, nkubwerera.

"Mkamwini wanga ameneyo. Ndinamumangira kakhola pambalipa, ndaikamo chinangwa. Wakana chikamwini, akufuna chitengwa."

Tinaseka, koma ine chisoni chinandigwira. Yaikaziyo inali itatulutsa mphuno pakati pa mitengo ya khola, ikukoka mphepo yakuphiri, maso ili tsinzi. Kaya nyama zimalota, kaya. Ine ndinkaiona ili kale kumtunda, pamasamba onyowa, tiana tamizeremizere tikuilondola.

Amalume akaitsekulira, mikondo ya eni minda ikuidikira. Akaisunga, ifera m'khola ndi njala. Inu mukadatani?

Tili chiimire, anatulukira Nambewe, mwana wawo womaliza, atasenza ndowa. Iyeyu ndiye amawasamala chimwalirire mayi ake. Mphunzitsi wina wa ku Chisepo anamufunsira kalekale, koma akufuna kupita naye kwawo. Abale akuchikazi anavomera. Atsala ndi bambo ake, amene yankho lawo ndi limodzi chaka ndi chaka: "Tikakolola."

Nambewe sadandaula. Amangochedwa kuchitsime, maso ali kunjira.

Si a Mbewe okha. M'midzi mwathumu alipo ambiri amene tinawamangira khola chifukwa chowakonda, ndipo timawadyetsa bwino kuti tisamve kuti tawalakwira. Timadziwa kunena kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, bola mwanayo akhale wa mnzathu.

Potsanzikana amalume anandigwira mkono.

"Ikafika mawa isanadye, nditsekula. Sindingaonerere chamoyo chikufota m'manja mwanga."

Nambewe anamva. Anatula ndowa pansi mwakachetechete.

"Nanga amene akudya, bambo, mumawadziwa bwanji kuti akufota?"