Magolovesi Amene Anaononga Chipale

Mabotolo mazana atatu, onse anakatayidwa kudzala. Umu ndi mmene thukuta la miyezi inayi la Tukummeq linathera.

Kwathu kuno ku Qaanaaq tinkamudziwa ngati wolephera. Mayeso anamukana kawiri, mayi ake n'kumwaliranso chaka chomwecho. Ndiye akatswiri a zanyengo atamulemba ntchito, anati mwina Mulungu wamukumbukira. Ntchito yake inali kupala chipale chapamwamba penipeni, madzi oundana aja amene amagwa ngati ufa kuno kozizira, n'kumatsekera m'mabotolo kuti akayeze mchere ndi mwaye wobwera ndi mphepo.

Zotsatira zitabwera, mkulu wa gululo, Mayi Vestergaard, anamuitana.

"Mwanawe, m'botolo lililonse muli mchere ndi mafuta achilendo. Umagwira ndi chiyani?"

Tukummeq anaonetsa magolovesi achikopa cha katumbu wa m'nyanja, chinthu chomaliza chimene mayi ake anamusokera.

"Ndi amenewa atiphera chaka," anatero mayiwo. "Pita kwanu."

Kunyumba nako kunalibe chifundo. Mlongo wake Qillaq anaseka mpaka kukhosomola.

"Iwe, sukulu inakukana, lero chipale chakukananso? Chipale chomwechi chimene agalu anga amakodzera?"

Sabata yathunthu sanatuluke panja. Ndinamuona ndi maso angawa, munthu atatheratu, ndipo kunena zoona inenso ndinati basi zake zada.

Koma anabwerera kwa Mayi Vestergaard. "Mayi, ndipatseni mwezi umodzi wokha. Ndikalakwanso musadzandionenso."

Anamupatsa, pamodzi ndi timagolovesi tapulasitiki topyapyala. M'mawa uliwonse ankasiya magolovesi a mayi ake patali, kumene mphepo ikulowera, n'kukagwada chakumene ikuchokera. Zala zinkachita dzanzi mpaka kuyera mbuu. Chala chaching'ono chinafa, kuchipatala anachidula. Koma chimene ankalira si chalacho. Ankati tsiku lililonse akumva ngati wawasiya mayi ake okha pozizira.

Mabotolo makumi asanu ndi limodzi anapita kukayezedwa. Onse anapezeka abwinobwino.

Lero Tukummeq ndi amene amaphunzitsa obwera kumene, ngakhale a madigiri awo. Akatseka botolo lomaliza amathamangira magolovesi aja, n'kulowetsamo zala zake zisanu ndi zinayi.

Inu amene ntchito yanu yatayidwa kudzala, lirani ndithu, zimapweteka. Koma mawa mukagwadenso. Musataye mtima.