Bafa la Apongozi

Chaka chimene tinavotera zipani zambiri koyamba, ine ndinali nditatha miyezi isanu ndi itatu pa chikamwini kwawo kwa mkazi wanga, m'munsi mwa phiri la Michesi, ndipo apongozi anga aakazi anali asanandiyankhulepo ngakhale liwu limodzi. Mwambo wake ndi womwewo, mkamwini ndi apongozi amapewana. Tikati tikumane panjira, wina ankakhotera m'chinangwa, ndipo akafuna kundiuza kanthu mawuwo ankadzera mwa mkazi wanga. Koma kupewa kwa mayi amenewa kunali ndi tsabola. Akamwini anzanga anali ataonetsedwa kale malo omangapo nyumba, ine ndikugonabe m'kanyumba kobwereka. Ndinkadziwa kuti akundiyesa, ndipo mtima wanga sunali m'malo.

Mwayi unandipeza ku esiteti ya tiyi ku Mulanje kumene ndinkagwira ganyu. Ankagumula bafa la m'nyumba ya bwana, ndipo akapitawo anandilola kutola mabolodi anayi amene anachotsa m'khoma, osalala, onyezimira, okhala ndi mizere ngati matailosi. Anali atathimbirira ndi ukalamba, koma ine ndinaonamo nyumba yanga. Kalipentala wa pamenepo anandichenjeza kuti, "Achimwene, musanapente muyambe mwakwecha ndi sandipepa, apo ayi penti sakagwira." Ndinangomuseka. Munthu wanzeru zake angakande dala chinthu chosalala?

Ndinawamanga panjinga n'kudzera pampata wa mapiri wa Fort Lister. Mphepo ya pampatapo inandigwetsa kawiri, kawiri konse ndinadzuka ndikuimba.

Bafa la apongozi linali la udzu, lowolera m'munsi, ndipo ndinaganiza zowamangira latsopano kuti mwina angandionetse pomanga. Mkazi wanga atandipemphera chilolezo, ndinaligwetsa, n'kuzika mitengo ya bulugama. Mabolodi atatu anakhala makoma, lachinayi chitseko. Kusitolo penti wachikasu anali atatha, poti masiku amenewo anthu ankapaka chikasu cha chipani ngakhale makola a nkhunda, choncho ndinagula wobiriwira, wamafuta. Ndinapaka m'mawa, ndinabwereza masana, madzulo ndinakhuthula wotsala yense, osasiya ngakhale m'mphepete mwa chitseko. Amayi ochokera kudambo ankaima kumaonerera, ine mutu n'kumakula.

Kutacha ndinakhudza ndi chala, pamwamba pali gwa. Ndinatuma mkazi wanga kukanena kuti bafa latha, iye n'kupitirira ulendo wake wa kuchigayo. Ana onse anali kusukulu. Ine ndinabisala kuseri kwa nkhokwe, ndipo dzuwa litafika paliwombo ndinawaona apongozi akulowa ndi ndowa yawo, n'kukoka chitseko mwamphamvu. Madzi atayamba kumveka khavu khavu, ndinavina ndekha kuseriko, kuvina kwenikweni, fumbi koboo.

Kenaka kunangoti zii. Kenaka gu! gu! gu!

Pafupi ndi bafapo panali mbuzi yomangirira pamtengo wa mango. Ndinamva apongozi akukonza kukhosi.

"Iwe mbuzi, kodi pakhomo pano pali munthu?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe wina aliyense woti mawu adzeremo. Ndinavula chipewa, n'kugwada moyang'ana mbuziyo.

"Mbuzi, uwauze amayi kuti munthu alipo, koma ndi uja wosayenera uja."

"Umuuze wosayenerayo kuti msampha wake wakola. Chitseko chamata. Nsalu yanga ndinaikoleka pakhoma, nayonso yakwatiwa komweko."

Zina anamalizira m'Chilomwe, ndipo ndikuthokoza kuti nthawi imeneyo ndinali ndisanachidziwe bwino. Mbuzi inkangotafuna khoko la nthochi, osathandiza mbali iliyonse.

Apongozi anga osavala, otsekeredwa m'bokosi langa lobiriwira, dzuwa likuwaphika! Ndinaona kale katundu wanga atamangidwa panjinga, ulendo wobwerera kwathu. Komabe kwinakwake pansi pa mantha chiseko chinkanditukula, moti ndinachita kuluma kolala ya malaya.

Ndinathamangira m'nyumba kukatenga chitenje cha mkazi wanga, n'kuchikoleka pansonga ya nsungwi yaitali. Ndinayenda chafutambuyo, maso ali kuphiri, mpaka nsungwi inadutsa pamwamba pa khoma.

"Mbuzi, uwauze alandire."

"Umuuze akweze pang'ono, wandibaya pakhutu."

Atavala, ndinatenga mpeni n'kuyamba kucheka penti m'mphepete mwa chitseko, nkhope nditatembenuzabe kumbali. Penti wa m'kati anali wamuwisi ngati ulimbo. Ndinauza mbuzi kuti amayi akankhe ndikawerenga katatu. Iwo anakankha ndisanafike pachiwiri. Chitseko chinatseguka mwadzidzidzi, ine chagada thapsa m'ngalande ya madzi osamba, ndipo penti yense wa pachitsekopo, poti analibe pogwira pabolodi losakwecha lija, anasupuka chikopa chimodzi n'kundifunda kumaso. Kalipentala uja ndinamukumbukira nthawi yomweyo.

Ndinangogona m'matopemo osagwedezeka, kudikira chigamulo. Chimene ndinamva ndi phokoso lachilendo, ngati munthu watsamwa. Ndinasuzumira pabowo la penti. Apongozi anali atakhala pandowa yawo, zigongono ndi phewa zili biriwiri, akuseka mpaka misozi. Ndinali ndisanamvepo kuseka kwawo. Nanenso chondigwira chinatha, ndinaphulika, tonse awiri kumangogubuduka, mbuzi n'kudula chingwe kuthawa.

Atapuma anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anayang'ana pamtengo wa mango, anaona kuti mkhalapakati wathu wapita, ndiye anayang'ana ine, maso ndi maso.

"Bambo, dzukani. Miyezi yonseyi ndimati mwana wanga anandibweretsera bwana wosagwira dothi. Lero mwaligwira ndi msana womwe."

Misozi yanga inali itasiya kukhala ya chiseko.

"Mukasamba mutenge khasu, ndikakuonetseni pomanga," anatero akunyamula ndowa yawo. "Koma chitseko cha nyumbayo musapente ndinu."

Penti anandichoka ndi palafini patatha masiku atatu. Maziko ndinakumba ndikununkha ngati koloboyi, apongozi atakhala pachitsa chapafupi akundilongolola okha, popanda mbuzi.